Fumbi Lawo, Diripi Yanga

Lolemba, 5 Meyi

Andigoneka. Bedi langa lili pazenera, koma zeneralo layang'ana khoma la kochapira, ndiye chimene ndikuona ndi mapaipi ndi nthunzi basi. Kope ili wandigulira ndi mwana wanga wamkazi. Akuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, chifukwa ndikamamufotokozera pafoni ndimasiya zofunika n'kumakamba za nsapato zawo. Nanga nditani? Moyo wanga wonse ndakhala ndikugwada pamapazi a anthu m'sitolo ya nsapato. Munthu ndimayamba kumuona pansi.

Ndilembe za matenda kuti mtsikanayu asandikalipire. Khansa ya pachiwindi. Chotupacho chatsamira mtsempha waukulu, moti sangachichotse chisanafote. Mankhwala oyamba aja ankagwira ndithu, koma anandifooketsa mtima, ndipo anawasiya mu Malichi. Kuchokera pamenepo chotupa changokhala chikudya osalipira lendi.

Lachiwiri, 6 Meyi

Magazi mabotolo ambirimbiri. Aunika mtima ndi kachipangizo kozizira kaja kokhala ndi mafuta oterera. Andiyeza sikelo: ndatsikanso.

Mnansi wanga wa kumanja ndi mayi amene ankagwira ntchito m'mabasi, ndipo wodi yonse imangowatchula kuti Akondakitala. Amalankhula ngati injini ikulira. Dzulo nditangolowa ndi chikwama anakuwa kuti, "Malo alipo, mayi, sunthirani kumbuyo!" Vuto lawo ndi ngati langa lomweli. Iwo analowa kale m'kafukufuku amene andiitanira kunoyu, alandira kawiri. Ndawafunsa kuti zimapweteka? Akuti, "Zimapweteka n'zakudya zakuno."

Lachitatu, 7 Meyi

Adokotala abwera ndi kukhala pampando, osati kuimirira kumiyendo kwa bedi. Nsapato zachikopa chenicheni, koma zakale, zoikidwa chidendene china. Munthu wosataya zinthu msanga.

Ndilembe monga anenera. Mankhwala ndi omwe aja anandiwononga mtima. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano sawathira m'magazi ali pamtunda. Amawalongedza m'timibulu ting'onoting'ono kwambiri, toti maso sangatione, tokhala ndi timabowo ngati chinkhupule. Timabowoto amatitseka, kunja n'kupakako zinthu zoti timibuluto tizikakamira kwambiri maselo a chotupa. Selo ikameza kambulu, m'kati mwa selomo ndi mowawasa, ndiye chotsekera chija chimamasuka, mankhwala n'kutayikira momwemo. Chiyembekezo chawo n'chakuti ochuluka akafike pachotupa, ochepa okha apite kumtima.

Anabwereza kawiri kuti ndi chiyembekezo, si lonjezo. Anthu amene alandirapo ndi ochepa. Ndikhoza kukana, ndipo adzapitiriza kundisamala.

Ndinafunsa kuti timibuluto n'tachiyani. Akuti silika.

Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Ndinati, "Adokotala, silika ndi uja amakhala m'timapaketi ta m'mabokosi a nsapato? Ine ndimataya tsiku lililonse. Amalembapo kuti musadye!" Iwo anaseka, akuti ndi pachibale ndithu, koma uyu amapangidwa mwina. Akondakitala anaponyamo mawu ali chigonere: "Sitikudya, mayi, tikumwera m'mkono."

Atatuluka m'pamene kuseka kunatha. Ndinakumbukira kumene ndinayamba kumva dzina limeneli, ndipo sikunali kusitolo.

Lachinayi, 8 Meyi

Bambo, amuna anga, abwera masana. Chikepe chinali chodzaza, ndiye anakwera masitepe, n'kufika milomo itada. Anakhala kaye pampando manja ali pamaondo, kudikira mpweya.

Amuna anga anali osema ziliza. Ankadula miyala ndi makina, kuipalapala mpaka munthu kudzionera nkhope, kampango kokha kali pamphuno. Ankabwera kunyumba ali mbuu, nsidze zomwe. Chifuwa chitawakola, dokotala wina anawaonetsa chithunzi cha mapapo awo n'kunena kuti ndi fumbi la silika, ndipo silituluka. Anzawo awiri a pashedi yomweyo tinawaika kale, ziliza zawo anasema ndi iwowa. Chichokereni tsiku la chithunzi lija sanapondenso kwa dokotala. Amati akapitako akamvako chiyani chatsopano.

Ndinawafotokozera bwinobwino, mwachifatse, dzina lija ndikulisungira kumapeto. Nditalitchula anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mwati chiyani, Mayi?"

Ndinabwereza.

"Chimene chandidya ine m'chifuwa muno, inu mukufuna achithire m'magazi mwanu? Mwadala?"

Ndinati si chomwecho. Anati dzina ndi lomwelo. Anaika malalanje palokala, amodziamodzi, n'kupinda jumbo bwinobwino monga amachitira akakwiya. Potuluka sanatsanzike.

Akondakitala anawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo. Kenako anati, "Komabe muli ndi mwayi. Ena tidzachita kugula chiliza." Ndinawagenda ndi khoko la lalanje.

Lachisanu, 9 Meyi

Ayeza impso, zili bwino. Akuti n'zofunika chifukwa ndi kumene silikayo amatulukira.

Bambo sanabwere. Foni sakuyankha.

Loweruka, 10 Meyi

Mwana wanga wabwera ndi mpunga wa nkhuku. Ndadya pang'ono, wotsala wathera kwa Akondakitala. Akuti bambo ake akungokhala pakhonde, wailesi osatsegula. Anamuuza kuti, "Amayi ako akasaina zovomera mankhwalawo, ine ndisamve nawo."

Mtsikanayu akufuna ndisaine. Wawerenga zambiri pafoni ndipo amalankhula mofulumira. Ndamuuza kuti asawakalipire bambo ake. Iye sanamvepo mmene amapumira m'mawa asanatsokomole. Ine ndimamva.

Lamlungu, 11 Meyi

Kunabwera oyimba m'wodi, nyimbo ziwiri n'kupita. Tsiku lonse ndakhala ndikuganiza. Ndikakana, chotupa chipitiriza kukula, ndipo mankhwala enawo adokotala ananena poyera kuti angochedwetsa. Ndikavomera, sindikudziwa. Koma pakati pa "ndikudziwa" ndi "sindikudziwa", mtima wanga ukuthawira kwa "sindikudziwa".

Ndapempha Asisitala, namwino wamkulu wa m'wodi muno, kuti andifunsire ngati amene amapanga timibuluto angabwere kudzalankhula ndi amuna anga. Ndatumiza uthenga kunyumba: bwerani mawa, mudzafunse nokha, mukapanda kubwera ndiye kuti mwandisiyira ndekha.

Lolemba, 12 Meyi

Bambo anabwera. Atavala jekete la kumaliro.

Wa ku labu, wopanga timibulu uja, ndi mayi wamng'ono thupi, wa msinkhu wa mng'ono wanga, nsapato zansalu zodyeka mbali imodzi. Munthu woima tsiku lonse. Anabweretsa kabotolo ka madzi otuwa ngati mkaka wosungunula, ndi chithunzi chojambulidwa ndi makina okulitsa zinthu: timipira tozungulira, tonse timabowotimabowo.

Anawauza Bambo kuti silika wa m'mwala ndi wouma gwa, akasweka amakhala wosongoka ngati magalasi, ndipo akalowa m'mapapo sasungunuka, thupi limangomanga zipsera momuzungulira. Wawoyu sachokera kophwanya miyala. Amamupanga m'madzi, amakhala wobulungira, wa mabowo okhaokha, ndipo m'thupi amasungunuka pang'onopang'ono n'kutuluka ndi mkodzo.

Bambo anati, "Ifenso anatiuza kuti ndi fumbi chabe, tikamwa mkaka litsika."

Mayiyo sanaseke. Anati, "Anakunamizani, bambo. Ine sindikuuzani kuti ndi chabe. Mu nyama tinaona akutuluka. Mwa anthu ochepa amene alandira tikuona akutuluka. Koma sindingalumbire kuti atuluka yense, kapena kuti pakapita zaka sipadzaoneka kanthu. Zimenezo sitinazidziwe."

"Ndiye mkazi wanga ndi khoswe wanu woyesera?"

Apa ndinalowererapo. Ndinati, "Bambo, inu fumbi lija munapuma osadziwa, palibe anakufunsani. Ine andifunsa. Ndamva zonse, zabwino ndi zoipa, ndipo ndikufuna. Thupili ndi langa, koma ndikufuna mukhale pano."

Anatembenuza kabotolo kaja m'manja. Zala zawo zija zokhakhala. Kenako anafunsa mayiyo kuti, "Mwati amatuluka ndi mkodzo. Mumamuyeza?" Anati inde, tsiku ndi tsiku. "Ndiye muzindiuza."

Sanati avomera. Koma posaina anandigwirira kathabwa kolemberapo kuti kasagwedere.

Lachitatu, 14 Meyi

Diripi yoyamba inali dzulo. Sindinathe kulemba.

Thumba lake ndi laling'ono, madzi ofiirira. Anayamba mwapang'ono, Asisitala ali pambali ndi wotchi, mawaya a mtima ali pachifuwa. Patangopita kanthawi nkhope inatentha, msana unagwira ngati wina wandiponda ndi chidendene chosongoka, kenako kunjenjemera mano kuchita kuombana. Anatseka diripi, jakisoni m'mkono, adokotala anathamanga. Ndinamva Bambo akunena kuti, "Chotsani! Chotsani chimenecho!" kenako chifuwa chinawatsamwa, ndipo namwino wina anachita kuwatulutsa.

Zitadikha, adokotala anati zimachitika kwa ena, thupi limadabwa ndi timibuluto. Anandifunsa ngati tipitirize mochedwa kwambiri kapena tisiye. Ndinati tipitirize. Inatha dzuwa litapendeka, popanda vuto lina.

Bambo anali pabenchi panja nthawi yonseyo. Atalowa sananene kanthu za m'mawa. Anangondikonzera pilo molakwika, ine osawauza.

Lachinayi, 15 Meyi

Nseru. Tiyi yekha.

Andipatsa chigubu chosungiramo mkodzo wonse wa tsiku. Chili pansi pa bedi, chili ndi nambala yanga. Ulemu wonse wathera pamenepo.

Loweruka, 17 Meyi

Ndadya phala ndi nthochi. Mtima akuti sunasinthe, ndipo apa kusasintha ndiye nkhani yabwino.

Bambo apeza ntchito. Akangofika, asanandipatse n'komwe moni, amawerama kuyang'ana chigubu. "Lero mwachepetsa, Mayi. Imwani madzi." Amandithirira kapu, ndikamaliza athiranso. Mayi wa ku labu anawatumizira kapepala koonetsa kuti silika wayamba kuoneka mu mkodzo, ndipo akuti akukwera monga amayembekezera. Bambo anakawerenga atavala magalasi, n'kukapinda, n'kuika m'thumba la pamtima.

Akondakitala akuti, "Ine amuna anga anandifunsira ndi maluwa, koma sanayambe andiyang'anirapo chigubu. Chikondi chenicheni ndi chimenecho." Wodi yonse inafa nako kuseka. Bambo anachita manyazi mpaka makutu.

Lachiwiri, 20 Meyi

Tsiku labwino. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde ndi kubwerera. Ndasamba ndekha.

Masana ndinawauza Asisitala kuti nsapato zawo ndi zazing'ono ndi theka la nambala, n'chifukwa chake madzulo amatsimphina. Anadabwa kuti ndadziwa bwanji. Ndawalembera mtundu woti akafune, wotakata kutsogolo. Kwa kanthawi ndinamva ngati ndili kuntchito. Ndakusowa kusitolo, ngakhale makasitomala aja oyesa mapeya khumi n'kutuluka chimanjamanja.

Lachisanu, 23 Meyi

Akondakitala anapita kusikani dzulo. Lero adokotala anakoka makatani kuzungulira bedi lawo. Makatani satseka mawu.

Chotupa chawo chakula, ndipo kwaoneka china m'mapapo. Awachotsa m'kafukufuku.

Makatani atatsegulidwa anandipeza ndikulira. Anati, "Iii, mayi, mukulira chiyani? Basi imodzi, koma aliyense ali ndi siteji yake." Kenako mawu anatsika, koyamba kuwamva akulankhula motsitsa. "Musasiye chifukwa cha ine. Mwamva? Mukasiya ndidzakuzukirani."

Madzulo sanadye. Ndinawasendera lalanje, anangoyamwa kagawo kamodzi.

Loweruka, 24 Meyi

Bambo amva za Akondakitala. Ndimayembekeza kuti anena kuti "ndinanena ine". Sananene. Anapita pabedi lawo, n'kukhala nawo nthawi yaitali, akukamba za mabasi akale aja okhala ndi makwerero kumbuyo. Ndinawamva onse awiri akuseka, wina n'kutsokomola, wina n'kugwira pamimba.

Lolemba, 26 Meyi

Akondakitala apita kwawo. Anabwera kudzawatenga ndi ana awo aamuna, zimphona ziwiri zolankhula monong'ona. Andisiyira kapu yawo yachitsulo, akuti ya pulasitiki imanunkhitsa tiyi.

Bedi analiyala msangamsanga. Wodi yazizira.

Ndinafunsa adokotala kuti n'chifukwa chiyani kwa iwo sizinagwire. Anati sakudziwa bwinobwino. Zotupa zina mitsempha yake salola timibulu kudutsa, zina maselo ake amameza koma n'kulavula mankhwalawo. Akuti ngakhale zikuyenda bwino, timibulu tambiri timathera kwina, tochepa ndi timene timafika. Ndinati, "Nanga changa?" Anati, "Tidzaona pasikani." Ndimawakonda chifukwa sanamiza, koma lero ndikanakonda akananama pang'ono.

Lachitatu, 28 Meyi

Diripi yachiwiri dzulo. Anayamba ndi jakisoni woletsa zija, n'kuiyendetsa mochedwa. Msana unangolasa pang'ono. Bambo anakhala mpaka kumapeto, maso ali pathumba.

Lachisanu, 30 Meyi

Tsitsi layamba kutsalira papilo, koma osati ngati ulendo woyamba uja. Zilonda m'kamwa. Supu wozizira.

Lolemba, 2 Juni

Thupi latentha. Asilikali a m'magazi atsika kwambiri. Andisamutsira m'kachipinda kandekha.

Lachitatu, 4 Juni

Diripi ina, ya mankhwala opha tizilombo. Olowa avale zotseka pakamwa.

Ndatopa.

Lachisanu, 6 Juni

Bambo awaletsa kulowa chifukwa cha chifuwa chawo. Amaima pagalasi la pachitseko. Dzulo anandilozera pansi pa bedi, ine n'kunyamula chigubu kuwaonetsa. Anagwedeza mutu ngati kapitawo.

Lolemba, 9 Juni

Kutentha kwatsika. Ndadya buledi ndi dzira, ndipo ndinamva kukoma.

Asisitala andiuza nkhani imene aliyense amandibisira. Lachisanu lija Bambo atachoka pagalasi anagwa pamasitepe, mpweya unawathera. Anawanyamula kupita nawo kwa dokotala wa mapapo, pansi pomwepa. Akuti anakana, anakalipa, mpaka anatulukira mayi wa ku labu uja akupita kukadya. Sindikudziwa chimene anawauza. Asisitala anangomva mawu omaliza: "Akazi anu tikuwayeza tsiku lililonse chifukwa inu munalamula. Inu akuyezani ndani?"

Analola. Zipserazo sizingachoke, zimenezo ankadziwa kale. Koma apezanso matenda ena pamwamba pake, ochizika, amene akhala akuwawonjezera befu. Awapatsa mapiritsi ndi kopopera m'kamwa, ndipo akuti azibwera kukiliniki mwezi uliwonse.

Atabwera pagalasi masana ndinawaloza ndi chala. Anatulutsa kopopera kaja m'thumba n'kukaonetsa m'mwamba, ngati mwana woonetsa kuti wasamba m'manja.

Lachinayi, 12 Juni

Ndabwerera m'wodi yaikulu. Pabedi la Akondakitala pali mayi wina wachete, woluka zipewa. Wandilonjeza chimodzi.

Diripi yachitatu aisunthira sabata yamawa kuti magazi akwere kaye, ndipo achepetsako mlingo. Ndinada nkhawa kuti kuchedwaku kuwononga zonse. Adokotala akuti ayi, kuthamanga ndi kumene kungawononge.

Lachitatu, 18 Juni

Yachitatu yadutsa bwino, ndinagona theka lake.

Mayi wa ku labu anadzera kudzationa. Bambo anamufunsa ngati silika yense wa diripi yoyamba anatuluka. Anati wambiri, koma sangawerenge mpaka kambulu komaliza, wina amatsalira m'chiwindi ndi m'kapamba kwa kanthawi, ndipo n'chifukwa chake adzandiyezabe ngakhale nditatuluka. Bambo anati, "Wambiri si yense." Iye anati, "Zoona, bambo." Anayang'anizana, kenako Bambo anamupatsa lalanje. Awiriwa sagwirizana, koma ayamba kukondana.

Loweruka, 21 Juni

Andilola kukagona kunyumba masiku awiri. Mwana wanga wasuntha mipando yonse ndipo mapoto anga ali posayenera. Ndinakhala pakhonde ndi Bambo. Amatsokomolabe, koma anayenda mpaka pageti osaima. Sanazindikire, ndinazindikira ndine.

Ndinaimbira Akondakitala. Anayankha mwana wawo, akuti akugona kwambiri masiku ano. Kenako ndinamva mawu chapatali: "Ndi mayi a nsapato? Auze asatsike!"

Lachinayi, 26 Juni

Sikani m'mawa. Kugona m'chimphanga chija manja ali m'mwamba, makina akuuza kuti pumani, gwirani mpweya. Zotsatira Lolemba. Masiku amenewa ndani anawapanga kuti akhale ataliatali chonchi?

Loweruka, 28 Juni

Uthenga wafika m'mawa. Akondakitala anatisiya dzulo, kunyumba, ana awo ali pomwepo.

Ndamwera tiyi m'kapu yawo. Sindilemba zambiri.

Lolemba, 30 Juni

Adokotala anabwera ndi mnzawo wa opaleshoni, wamtali, wovala nsapato za labala zoyera. Sanakoke makatani. Ndinaona zimenezo poyamba.

Anationetsa zithunzi ziwiri pakompyuta, chakale ndi chatsopano. Ine ndinangoona mitambo. Bambo ndi amene anaona msanga, paja maso awo anazolowera kuyeza. Analoza ndi chala, osakhudza galasi: "Apa patseguka mpata."

Ndi momwemo. Chotupa sichinathe, chafota mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma chasiyana ndi mtsempha uja, ndipo wa opaleshoni akuti mpata umenewo ukumukwanira. Mtima nawo wapirira, mphamvu yake ili pomwe inali mu Meyi.

Ndinafunsa ngati ndi timibulu tija tachita zimenezi. Adokotala anati n'kutheka kwambiri, koma munthu mmodzi sangakhale umboni, afunika ambiri kuti adziwe. Ndinaganiza za Akondakitala. Iwo ndi ine tonse tili m'chiwerengero chimenecho, mzere umodzi.

Mwana wanga analira pafoni mpaka abwana ake anamuuza kuti aweruke. Bambo anapita pazenera n'kukhala akuyang'ana mapaipi nthawi yaitali. Atatembenuka anati, "Komabe madzi muzimwa."

Lachinayi, 10 Julayi

Ndinali kunyumba sabata yathunthu kuti ndilimbe. Ndanenepako pang'ono. Ndabwerera lero, opaleshoni mawa m'mawa. Wogonetsa anthu wabwera kudzandiona mano ndi kundifunsa mafunso. Akuti adula mbali ya chiwindi, ndipo chotsalacho chimaphukanso chokha. Mayi wa ku labu wapempha kachidutswa ka chotupacho kuti akaone ngati timibulu take tinalowadi m'maselo. Ndati atenge chonse, ine ndilibe nacho ntchito.

Mantha alipo. Koma ndi mantha a munthu amene ali ndi kopita.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndilipo.

Mapaipi paliponse. Kuseka kumapweteka.

Lachinayi, 17 Julayi

Achotsa paipi ya m'mphuno. Ndakhala pampando. Wa opaleshoni akuti anachotsa chonse chimene amachiona, ndipo m'mphepete mwake mwapezeka moyera. Kutsogolo kuli masikani miyezi ingapo iliyonse, kwa zaka. Sananene mawu akuti "mwachira". Ndinawafunsa kuti adzanena liti. Anati, "Tidzakalambe kaye pang'ono."

Lolemba, 21 Julayi

Mayi wa ku labu wabwera ndi chithunzi china. Selo imodzi ya chotupa changa, yaikulu ngati mbale, m'kati mwake muli timadontho takuda, tina tathunthu, tina todyekadyeka m'mbali ngati sopo wotha. Akuti todyekato ndi timene tinali titayamba kusungunuka.

Bambo anachiyang'anitsitsa, anachitembenuza, anachibweza. Anafunsa ngati angasunge. Kenako anati, "Mayi, mukadzapeza kolowetsa mankhwala m'mapapo ngati angawa, mudzandiitane. Ndidzakhala khoswe wanu." Iye anati sakufuna kuwanamiza, zimenezo zili kutali. Bambo anati, "Ndikudziwa. Ndangoti mudziwe."

Lachisanu, 25 Julayi

Ndikulemba ndili kunyumba, pabedi langalanga.

Anatitulutsa masana. Mwana wanga anatsogola kukafuna galimoto. Asisitala anaitana wokankha odwala, mwamuna wonenepa wansangala, amene anafika ndi njinga ya odwala imodzi. Anaima pakhomo n'kutiyang'ana: ine wowerama, dzanja lili pabala, chipewa choluka kumutu, Bambo atatsamira khoma, akupuma mwaphokoso chifukwa anakakamira kunyamula chikwama.

Anati, "Pepani, wodwala ndi uti apa?"

Ine ndinaloza Bambo. Bambo analoza ine.

"Khalani inu, Mayi, mwachita kung'ambidwa."

"Ine andisoka. Khalani inu."

Tinakanganapo mpaka woluka zipewa uja, amene sindinamumvepo akuseka, anabisa nkhope m'bulangete. Wokankha anati iye ali ndi odwala ena, tigwirizane. Palibe anagonja.

Mapeto ake panjingapo panakhala chikwama. Ine ndinagwira chogwirira cha kumanzere, Bambo cha kumanja, tonse titatsamirapo, n'kuyamba kukankha. Njinga inkapita mokhotakhota chifukwa wina akatopa mnzake amapitirira. Wokankha ankabwera pambuyo manja ali m'thumba, akuuza anthu kuti apatuke. Khonde lija ndi lalitali. Tinaima kangapo, osafunsana kuti waimitsa ndani.

Titafika pakhomo lalikulu mwana wathu anali ataima pagalimoto, manja m'chiuno. Anati, "Amayi, Ababa, chimenechi n'chiyani tsopano?"

Bambo anadikira mpweya, n'kuyankha kuti, "Tabweretsa chikwama."